Kodi atengambali azikwera levelo ndi XP kapena woyendetsa masewera azigamula yekha?

Kadzidzi:
Moni nonse abale ndi alongo a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandivutitsa maganizo sabata yonseyi, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwayendetsa masewera zaka zambiri kuposa ine. Ndimayendetsa Dungeons & Dragons ya malamulo a 2014 kwa anthu asanu (awa ndi masewera a patebulo amene wosewera aliyense amakhala ndi mtengambali wake m'nkhani, ine n'kumayendetsa nkhaniyo), ndipo timakumana kunyumba kwanga Loweruka masana pakadutsa masabata awiri aliwonse. Chiyambire nkhani yathu ndakhala ndikuwerengera XP, mapointi amene mtengambali amasonkhanitsa kuti akwere levelo, kutanthauza sitepe ya mphamvu zake: chilombo chilichonse chili ndi mtengo wake, ndikaphatikiza zonse za tsikulo ndimagawa mofanana kwa amene analipo, ndipo aliyense amalemba papepala lake.

Vuto loyamba ndi ili. Mlongo wina amene amasewera wansembe sanabwere maulendo atatu otsatizana chifukwa anapita kumudzi kukadwazika mayi ake. Pamene amabwerera anapeza anzake anayi atadutsa 6,500 n'kulowa levelo 5, iye ali pa 3,400, kutanthauza kuti akadali pa levelo 4. Amene mumasewera mukudziwa kuti mpata wa pakati pa levelo 4 ndi 5 si waung'ono, chifukwa wankhondo amayamba kumenya kawiri pa nthawi yake imodzi, wamatsenga amapeza fireball, matsenga oponya moto, ndipo bonasi ya luso imachoka pa +2 n'kufika pa +3. Wansembe wathuyu akanakhala pa 5 akanakhala ndi revivify, matsenga aja odzutsira mnzake amene wangofa kumene, choncho gulu lonse likuperewedwa chifukwa cha kutsalira kwake. Ndinafuna kungomukweza kuti afanane ndi anzake, koma m'bale wina amene sanajombepo ndi tsiku limodzi lomwe, amenenso amakwera minibasi ziwiri kuti afike kwathu, ananena mwaulemu kuti ngati XP iperekedwa kwa munthu amene kunalibe ndiye kuti kuiwerengera kulibenso tanthauzo. Sindinamuyankhe, popeza ndinaona kuti mfundo yake ili ndi mutu.

Vuto lachiwiri ndi khalidwe limene XP ikubweretsa patebulo. Mwezi watha achifwamba atatu anataya zida n'kupempha chifundo, koma osewera anawapha ndithu, ndipo mmodzi ananena poyera kuti sakanalola mapointi kuthawa, ngakhale wachifwamba mmodzi mtengo wake ndi 25 yokha. Tsiku lina tinatha maola atatu akukambirana ndi mfumu ya mzinda kuti imasule akaidi, linali tsiku lokoma kuposa onse amene tinasewerapo, koma pomaliza ndinalibe pointi ngakhale imodzi yowapatsa. Kodi inu mumachita bwanji pamatebulo anu?

Nkhwazi:
Achimwene a Kadzidzi, mavuto anu awiriwa ndi amene anandichititsa kusiya XP zaka zingapo zapitazo, ndipo sindinabwererenso. Tangowerengani nokha. Goblin mmodzi, kachilombo kofooka kooneka ngati munthu, ndi mapointi 50, ndipo munthu amafunika 300 kuti alowe levelo 2, choncho anthu anayi ayenera kugonjetsa ma goblin 24 kuti angokwera kamodzi. Woyendetsa akamatsatira masamu amenewa amayamba kuika nkhondo pamene nkhani siikufuna nkhondo, pofuna kuti anthu asakhalitse pa levelo imodzi, ndipo osewera nawo amaphunzira kuti lupanga ndi lokhalo limene limalipira.

Ine ndimagwiritsa ntchito njira imene ambiri amaitcha milestone. Ndikamakonza nkhani ndimaigawa m'zigawo, ndipo ndimadziwiratu kuti akapeza amene akuthira poizoni m'chitsime cha mzinda onse akwera levelo imodzi, akatulutsa ana amene anagwidwa m'phanga akweranso. Zilibe kanthu kuti apha, anyengerera kapena azemba usiku, chifukwa chimene ndikuyang'ana ndi chakuti ntchitoyo yachitika. Onse amakhala pa levelo imodzi nthawi zonse, choncho funso la mlongo amene anali kumatenda silingabuke n'komwe. Ndimapindulanso nthawi, popeza theka la ola limene ndinkathera pa kuphatikiza ndi kugawa manambala tsopano ndimalithera pa kuganizira zimene adani akukonza.

Nyenyezi:
Ndisanayankhe a Nkhwazi, ndiyambe ndakonza kanthu kamodzi m'nkhani ya a Kadzidzi, chifukwa ndikuona kuti kakuvutitsa matebulo ambiri. Buku la woyendetsa masewera la 2014 silinena kuti XP imabwera pokhapokha chilombo chikafa. Limanena za kugonjetsa, ndipo limatchula kupha, kuthamangitsa kapena kugwira. Achifwamba aja atataya zida anali atagonjetsedwa kale, ndipo mapointi awo 75 anali kale m'manja mwa osewera. Buku lomwelo limalolanso kupereka XP pa zovuta zosakhudza nkhondo, monga kukambirana kovuta ndi munthu waudindo, poyerekeza kulemera kwake ndi kwa nkhondo yovuta mofananamo. Tsiku lija la mfumu ya mzinda linayenera kulipidwa, ndipo malamulo sakanakuletsani.

Tsopano kwa a Nkhwazi. Ine ndine wosewera chabe, sindinayendetsepo, ndipo ndikupempha kuti mumve mmene milestone imaonekera kwa ife amene timakhala mbali ina ya tebulo. Ndinasewera zaka ziwiri ndi woyendetsa wina waluso ndithu amene ankagwiritsa ntchito njira yanuyi. Nthawi ina tinakhala pa levelo 6 maulendo khumi, pafupifupi miyezi isanu. M'maulendo amenewo tinamanga ubale ndi anthu a m'mudzi wina wa asodzi, tinathetsa mkangano wa malire, tinapha chilombo cha m'dambo chimene chinkawadyera ziweto, koma sitinakwere chifukwa papepala la woyendetsa panalembedwa kuti tikwera tikalowa m'nsanja ya mfiti, ndipo ife sitinkadziwa zimenezo. Titazindikira, kasewero kathu kanasintha. Tinasiya kufunsana zimene atengambali athu akufuna, tinayamba kufunsana zimene woyendetsa akufuna kuti tichite. Ichi ndi chimene ndimachiopa. XP ili ndi zofooka zake, koma ndi nambala imene ndimaiona ndi maso anga papepala langa, ndipo ndikaona kuti ndatsala ndi 400 ndimatha kusankha ndekha kuti tilowe m'phanga lachiwiri lero kapena tibwerere kukapuma. Pa milestone yobisika chisankho chimenecho chimachoka m'manja mwanga.

Kadzidzi:
Mayi Nyenyezi, zikomo kwambiri. Ndabwerera ku bukulo ndipo ndapeza kuti mukunena zoona pa nkhani ya kugonjetsa. Kulakwa kunali kwanga, popeza kuyambira tsiku loyamba ndinkangowerenga mitembo, ndipo osewera anaphunzira kwa ine.

Fulu:
Ana anga, ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa ndikukhulupirira kuti mbiri ya XP ikuyankha mafunso onse awiri. Ine ndinayamba kusewera ndili mnyamata ku Bulawayo, kumene bambo anga ankagwira ntchito, ndipo tinkagwiritsa ntchito malamulo a 1981 amene anakonza Tom Moldvay ndi David Cook. Masewerawa anatuluka koyamba mu 1974 kuchokera kwa Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo m'zaka zoyambirirazo XP yambiri sinkachokera ku zilombo ayi, inkachokera ku chuma. Ndalama imodzi yagolide imene mwaitulutsa m'phanga n'kufika nayo kumalo otetezeka inali pointi imodzi. Goblin m'malamulo a 1981 ankapereka mapointi 5 okha, pamene bokosi la ndalama 1,000 linkapereka 1,000, zofanana ndi ma goblin 200. Wankhondo wa levelo 1 ankakhala ndi mapointi a moyo ochepa kwambiri moti mkondo umodzi unkatha kumumaliza. Ndiye taganizani mmene tinkasewerera. Tinkazemba, tinkapereka ziphuphu kwa alonda, tinkayambanitsa mitundu iwiri ya zilombo kuti imenyane yokha ife tikunyamula matumba. Kumenya nkhondo kunali chizindikiro chakuti mapulani alephereka. Pamene malamulo a 1989 anasandutsa XP ya golide kukhala yongosankha, ndipo a 2000 anamanga XP pa mtengo wa zilombo, kasewero ka anthu kanatsatira malipiro. Choncho a Kadzidzi, musadabwe ndi osewera anu. Funso loti mudzifunse ndi lakuti mukufuna kuwalipira pa chiyani.

Pa nkhani ya wotsalira, kale kusiyana kwa levelo kunali chinthu cha tsiku ndi tsiku. Mtundu uliwonse wa mtengambali unali ndi mndandanda wake wa mapointi olowera levelo: mbala inkalowa levelo 2 pa 1,200, wansembe pa 1,500, wankhondo pa 2,000, wamatsenga pa 2,500, ndipo elf, munthu wa m'nthano wodziwa nkhondo ndi matsenga omwe, pa 4,000. Anthu oyamba tsiku limodzi sankakwera tsiku limodzi. Panalinso mizukwa imene ikakukhudza inkakuchotsera levelo yathunthu, ndipo vampire, mzukwa woyamwa magazi, ankachotsa malevelo awiri. Chimene chinkachititsa kuti zonsezi zipirike ndi kakonzedwe ka manambala, amene ankawirikiza kawiri pa sitepe iliyonse. Wankhondo ankafunika 2,000, kenako 4,000, 8,000, 16,000, 32,000. Tiyerekeze kuti anzako ali pa 16,000, levelo 5, ndipo iwe wayambira pa ziro chifukwa mtengambali wako wafa. Pamene iwo akupeza 16,000 ina kuti alowe levelo 6, iwenso wapeza 16,000 yomweyo ndipo uli pa levelo 5. Mpata wa malevelo anayi watsika kufika pa imodzi popanda aliyense kukuchitira chifundo. Manambala a 2014 sawirikiza chimodzimodzi, komabe amakula mokwanira. Mpata woposa 3,100 wa mlongo uja ukuoneka waukulu lero, koma pakati pa levelo 10 ndi 11, pamene mapointi amachoka pa 64,000 kufika pa 85,000, udzakhala kanthu kochepa. Vuto ndi lakuti wagwera pamalo oipitsitsa, pakhomo penipeni pa levelo 5.

Gologolo:
Ndikufuna kuimira m'bale wa minibasi ziwiri uja, chifukwa ndikuopa kuti angaoneke ngati wouma mtima pamene mfundo yake ndi yomveka. Ine ndimayendetsa tebulo lotseguka. Pa mndandanda wanga pali anthu 11, ambiri amagwira ntchito za mashifiti, ndipo amene wapezeka tsikulo ndi amene amasewera, nthawi zina atatu, nthawi zina asanu ndi mmodzi. Patebulo lotere milestone siingagwire, chifukwa palibe nkhani imodzi imene onse akuyenda nayo, ndipo kukweza onse pamodzi kungatanthauze kuti munthu amene wabwera kawiri chaka chonse akupatsidwa mtengambali wa levelo 8 amene sadziwa n'komwe mmene mphamvu zake zimagwirira ntchito. Zimenezi ndinaziona ndi maso, ndipo munthuyo anathera tsiku lonse akuwerenga pepala lake m'malo mosewera. Levelo si mphotho yokha, ndi muyeso wa zimene wosewera waphunzira kuyendetsa. Aliyense amene amalowa patebulo langa ndimamuuziratu kuti XP ndi ya amene alipo, ndipo wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Koma ndivomereze kuti tebulo la a Kadzidzi ndi losiyana ndi langa. Iwo ali ndi anthu asanu omwewo, nkhani imodzi, ndipo mlongoyo sanasankhe kujomba. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti pali yankho limodzi la matebulo onse.

Mlombwa:
A Gologolo akhudza mfundo imene ndinkafuna kuikweza, yakuti kulemera kwa mpata wa levelo kumadalira malamulo amene mukugwiritsa ntchito. Ife timasewera masewera ena a mtundu womwewu, Pathfinder yachiwiri, imene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2019. M'menemo levelo ya mtengambali imaphatikizidwa pa chilichonse chimene anachiphunzira, pomenya, podziteteza ndi pa luso lina lililonse, ndipo kupitirira nambala yofunika ndi 10 kumabweretsa kupambana kwakukulu, pamene kuperewera ndi 10 kumabweretsa kulephera kwakukulu. Munthu wotsalira ndi malevelo awiri amaphonya kawirikawiri ndipo amavulala kwambiri, moti masewera amamuwawira. Ichi n'chifukwa chake malamulowo amalangiza kuti onse akhale ndi XP yofanana, ndipo ngati woyendetsa walola kusiyana, wotsalirayo azilandira mapointi owirikiza kawiri mpaka atawapeza anzake. Njira imeneyi mutha kuibwereka a Kadzidzi, chifukwa imalemekeza mbali zonse ziwiri: mlongoyo sakupatsidwa zaulere, koma sakhalitsanso m'mbuyo. Malamulo a Dungeons & Dragons a 2003 analinso ndi nzeru yofananako, popeza mtengambali wa levelo yotsika ankalandira mapointi ochuluka kuposa anzake pa chilombo chomwecho.

Chinanso chimene ndimachikonda mu Pathfinder yachiwiri ndi kuphweka kwa masamu. Levelo iliyonse ndi mapointi 1,000, ukakwera umachotsa 1,000 n'kuyambanso, ndipo mtengo wa chilombo umadalira kusiyana kwa levelo yake ndi ya gulu. Amene akufuna kufulumira amaika 800, amene akufuna kuchedwa amaika 1,200. Theka la ola limene a Nkhwazi amadandaula silikhalapo.

Ndionjezere kanthu pa dzina la milestone. M'buku la 2014 mawuwa amatanthauza kupereka XP gulu likakwaniritsa cholinga, monga kupeza chinsinsi kapena kufika pamalo ofunika. Kukweza anthu popanda XP konse bukulo limakuika padera, ndipo limapereka njira ziwiri, ina yotsatira nkhani ndi ina yotsatira chiwerengero cha maulendo osewera. Pa yachiwiriyi mumalowa levelo 2 pakutha pa ulendo woyamba, 3 pakutha pa wachiwiri, 4 pakadutsa maulendo ena awiri, kenako maulendo awiri kapena atatu pa levelo iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti palibe amene angakhale miyezi isanu pamalo amodzi monga zinachitikira mayi Nyenyezi. Kuipa kwake ndi kwakuti gulu limene latha tsiku lonse likugula zingwe pamsika limakwera mofanana ndi limene lapulumutsa mzinda.

Tsokonombwe:
Ndikupempha malo kuti ndinene za masewera amene alibe levelo, chifukwa nthawi zina kuona zakunja kumathandiza kumvetsa za m'nyumba. Mu Call of Cthulhu, imene kampani ya Chaosium inatulutsa mu 1981, mulibe XP. Luso lililonse lili ndi nambala yake pa 100. Ukaligwiritsa ntchito n'kupambana pa nthawi yofunika, umaika chizindikiro pambali pake. Nkhani ikatha umaponya madayisi, ndipo ukaponya nambala yoposa luso lakolo, m'malamulo a masiku ano umaonjezera zimene dayisi ya mbali khumi yakupatsa. Zotsatira zake n'zakuti wosadziwa amaphunzira msanga, pamene katswiri amene ali pa 85 amakwera mwa apo ndi apo, monga zimakhalira m'moyo weniweni. Amene anajomba amangotsalira ndi mapointi ochepa pa maluso awiri kapena atatu, ndipo palibe amene amazindikira. Chofooka chake ndachionanso. Pali osewera amene amasakasaka chifukwa chokwerera khoma kapena chotsegulira loko, osati chifukwa nkhani ikufuna, koma kuti apeze chizindikiro. Ndi matenda omwe aja a achifwamba a a Kadzidzi, angosintha malaya.

Chimene ndingalimbikitse kwambiri ndi cha mu Dungeon World ya 2012. M'menemo umaponya madayisi awiri a mbali zisanu ndi imodzi, ndipo zonse pamodzi zikakhala 6 kapena kutsika walephera, koma umalemba pointi imodzi ya XP. Kulephera kumasanduka kuphunzira, ndipo osewera amasiya kuopa kuyesa zinthu zimene atengambali awo sazidziwa bwino. Kuti ukwere umafunika mapointi okwana levelo yako kuphatikiza 7. Pakutha pa tsiku tebulo lonse limayankha mafunso atatu: kodi taphunzira chatsopano chofunika chokhudza dziko lathu, kodi tagonjetsa mdani wodziwika, kodi tapeza chuma chosaiwalika? Yankho lililonse lovomera ndi pointi kwa aliyense. Ine ndinabwereka mafunso amenewa n'kuwaika mu Dungeons & Dragons yanga, ndinangosintha mtengo wake kuti ugwirizane ndi levelo ya gulu, ndipo ndinaonjezera funso lachinayi lakuti kodi tasunga lonjezo limene linatitayitsa kanthu. Mphindi khumi zomaliza zimenezo zakhala zofunika kwambiri, chifukwa osewera okha ndi amene amakambirana ngati chinthu chinali chachikulu kapena ayi, ndipo ine ndimamva kuchokera pakamwa pawo zimene zinawakhudza.

Nkhwazi:
Mayi Nyenyezi, ndawerenga mawu anu kawiri ndipo andilasa, chifukwa ndikudziwa kuti inenso ndinasungapo anthu pa levelo imodzi nthawi yaitali podikira kuti afike pamene ndinakonza. Sindinaganizepo kuti iwo angakhale akundiwerenga nkhope m'malo moganizira atengambali awo. Komabe sindikuona kuti mankhwala ake ndi kubwerera ku kuwerenga ma goblin. Bwanji ndikanachotsa chinsinsicho? Ndikutanthauza kulemba papepala lalikulu pakati pa tebulo zolinga zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zina zochokera kwa ine ndi zina zochokera kwa osewera, n'kunena kuti zitatu zilizonse zikakwaniritsidwa onse akwera. Gulu lanu lija likanalemba lokha kuti kuthetsa mkangano wa malire ndi cholinga, ndipo nsanja ya mfiti ikanadikira.

Nyenyezi:
A Nkhwazi, patebulo lotere ndingakhale ndi mtima wonse. Mukaonetsetsa, zimene mwafotokozazi ndi XP ya manambala aang'ono, cholinga chimodzi pointi imodzi, mapointi atatu levelo imodzi. Sindinkamenyera nkhondo nambala ya 6,500 kapena 14,000 ayi. Ndinkafuna kuti mtengo wa zinthu uzidziwika tisanasankhe, ndiponso kuti woyendetsa asamausinthe pambuyo poona kumene tapita. Ndingopempha chinthu chimodzi, kuti zolinga za osewera zizivomerezedwa ndi tebulo lonse, chifukwa pali ena amene angalembe zinthu zopepuka kuti akwere msanga, ndipo pali ena ofatsa amene sangalembe kalikonse ngati safunsidwa.

Fulu:
Pali mbali ina imene sitinaikhudze, ndiyo nthawi imene kukwerako kumachitika m'kati mwa nkhani. Buku la woyendetsa la 1979 linkafuna kuti mtengambali akakwanitsa mapointi apite kukaphunzira kwa mphunzitsi, sabata imodzi mpaka anayi malinga ndi mmene anasewerera, ndipo ankalipira ndalama zagolide 1,500 kuchulukitsa ndi levelo yake pa sabata iliyonse. Matebulo ambiri ankadumpha lamuloli chifukwa linali lolemera kwa oyamba kumene, koma nzeru yake inali yabwino. Chuma chinkapeza ntchito, nthawi inkadutsa, ndipo munthu sankadzuka m'phanga ali ndi matsenga amene dzulo sankawadziwa. Ndikutchula izi chifukwa zikupereka njira yolongosolera nkhani ya wansembe wa a Kadzidzi. M'masabata amene mwini wake anali kumudzi, mtengambaliyo sanali m'thumba. Atha kukhala kuti anali kukachisi kwa akuluakulu ake, akusala kudya ndi kuphunzira mapemphero atsopano. Mupatseni mlongoyo mphindi khumi ndi zisanu kuti afotokoze yekha zimene wansembe wake anakumana nazo, ndipo mutengemo munthu mmodzi kapena ngongole imodzi imene idzabwerenso m'nkhani mtsogolo. Akatero levelo yake ili ndi chiyambi chimene aliyense patebulo wachimva.

Kadzidzi:
Abale ndi alongo, ndabweranso kudzakuuzani zimene zachitika. Ndisanagamule ndinalankhula ndi anthu awiri aja, aliyense payekha. Mlongoyo anandiuza kuti nambala siimukhudza, koma kuti Loweruka lapitalo, pamene wankhondo wathu anagwa ndipo iye analibe chomudzutsira, anamva ngati wakhumudwitsa anzake chifukwa chopita kukasamalira mayi ake, ndipo anaganizapo zosiya kubwera. Mawu amenewa anandipweteka kwambiri. M'bale uja nditamufotokozera, anati sanafunepo kuti mlongoyo alangidwe. Mantha ake anali akuti ndikangoyamba kukweza anthu ndi pakamwa, pepala lake la XP, limene amalisunga mosamala kuyambira tsiku loyamba ndipo amalembapo kumene pointi iliyonse inachokera, lidzasanduka lopanda ntchito.

Ndiye tagwirizana motere. XP ikhalapo, koma ikhala nambala imodzi ya tebulo lonse, ndipo m'bale yemweyo ndi amene aziisunga ndi kuilengeza pakutha pa tsiku. Mdani wogonja, wothawa kapena wogwidwa azilipira mofanana ndi wakufa. Kukambirana kovuta ndizikupatsa mtengo wa nkhondo yofanana nako, ndipo ndizinena mtengowo zisanayambe ngati n'kotheka. Tatenganso mafunso a a Tsokonombwe. Amene wabwera amapindula ndi zimene zapezeka tsikulo, monga zida zamatsenga, mabwenzi atsopano ndi mawu pa kumene gulu lilowere, ndipo zimenezo sizisungidwira amene kulibe. Wansembe walowa levelo 5, ndipo mwini wake anafotokoza za mkulu wa kachisi amene anamuphunzitsa revivify pomulumbiritsa kuti tsiku lina adzadzutse munthu amene mkuluyo adzamutchule. Osewera onse anakhala chete akumvetsera.

Ndatsala ndi funso limodzi. Mtengambali akafa ndipo sanadzutsidwe, watsopano ayambire pati? Popeza nambala ndi imodzi, zikuoneka kuti ayenera kuyambira pa levelo ya gulu, koma ndikuopa kuti imfa ingapepuke kwambiri.

Gologolo:
Patebulo langa watsopano amayamba ndi theka la XP ya womwalirayo, koma zimenezo zimagwira chifukwa aliyense ali ndi nambala yake. Kwa inu zingabweretsenso vuto lomwe mwangolithetsa.

Mlombwa:
Ayambire pa levelo ya gulu, a Kadzidzi, koma ndi katundu wamba wa munthu woyamba kumene ndi ndalama zochepa, popanda chida chamatsenga ngakhale chimodzi. Zida za womwalirayo gulu ligamule m'kati mwa nkhani ngati ziikidwa naye m'manda, zitumizidwa kwa abale ake kapena zigawidwa. Mfumu ya mzinda ija imene munakambirana nayo maola atatu imadziwa atengambali asanu amene anaima pamaso pake, ndipo watsopanoyo siimudziwa, choncho alonda a pachipata amufunse kuti ndi ndani ndipo akufuna chiyani, ndipo wina mwa anzake amuimire kuti alowe. Ngati mukufuna kuti wosewerayo azolowere mphamvu zatsopano monga a Gologolo anachenjezera, mupempheni afike ola limodzi anzake asanabwere, muyesere limodzi nkhondo imodzi yaifupi ndi pepala lake latsopanolo.